Aphunzitsi ati tsamba 47, fayilo ikuwerenga zina: mmene timapezera polakwika

Uthenga umene umabwera kawirikawiri pa foni ya kagulu kathu si wopempha buku latsopano ayi. Umakhala wotere: aphunzitsi ati titsegule tsamba 47, koma ine ndikapita pa 47 ndikumva zina. Wotumiza amakhala wophunzira wosaona, nthawi yake madzulo, homuweki ikufunika mawa m'mawa.

Ndife anthu ochepa kuno ku Chipata amene timajambula mabuku pa sikana, kuwakonza mu Word, n'kuwasandutsa mafayilo oti munthu azimvetsera pa foni kapena pa kompyuta, ena n'kuwadinda mu Braille. Timachita modzipereka, Loweruka ndi madzulo tikaweruka. Kuphunzitsa ana osaona m'dera lino si kwa dzulo, kunayambira ku Magwero mu 1905, koma vuto la mwana amene akufufuzabe pamene anzake anatsegula kale silinathe ndi kubwera kwa mafoni.

Nditangoyamba ntchitoyi, nambala ya tsamba ndinkaiona ngati zinyalala zoti ndisese pokonza mawu. Ndinatseguka maso ndili m'tchalitchi. Abusa akati Yohane 3 vesi 16, aliyense amapeza, kaya Baibulo lake ndi la m'thumba, la zilembo zikuluzikulu kapena la pa foni. Buku la sayansi lilibe mavesi. Chingwe chokha chomangira wophunzira wathu ku kalasi yonse ndi kanambala kaja. Mwini wake wa kanambalako ndi buku la pepala lomwe lili m'manja mwa aphunzitsi, ife ndife amtengatenga chabe. Tikanyamule monga kalili, ndipo tinene kuti takatenga m'buku liti.

Musanakonze kanthu, yezani malo atatu

Wodzipereka watsopano akalandira dandaulo amathamangira pa 47, n'kusintha nambala, n'kutumiza fayilo, mtima m'malo. Mkuja lafika lina, la tsamba 80. Tsamba limodzi silingakuuzeni matenda.

Pezani buku lenileni limene akuphunzirira m'kalasimo, osati limene lili pa shelefu yathu. Ngati sukulu ili kutali, ku Lundazi kapena ku Petauke, pemphani aphunzitsi kapena mnzake wa wophunzirayo akuwerengereni pa foni mawu oyambirira a masamba atatu: lakumayambiriro, lapakati ndi lakumapeto. M'buku la masamba 200, tinene 10, 100 ndi 190. Kenako tsegulani fayilo yathu mu pulogalamu yomweyo imene wodandaulayo amawerengera, kaya ndi EasyReader pa foni, Thorium pa kompyuta, kapena Word ndi NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zimene zili pa sikirini. Fufuzani mawu omwewo, mulembe nambala imene fayilo ikuwapatsa. Za pulogalamu yomweyozi musazipeputse. Ndinatayapo tsiku lathunthu ndikusakasaka cholakwa mu fayilo ya EPUB, mtundu wa buku lowerengera pa foni ndi pa kompyuta, pamene mwana ankawerenga PDF yomwe mnzake anamutumizira pa WhatsApp.

Mukaika manambala anu atatu pafupi ndi atatu a m'buku, matenda amadziulula okha. Mwina kusiyana n'kofanana monsemo, mwina kwadumpha pamalo amodzi n'kukhazikika, mwina kukukula pang'onopang'ono ngati mng'alu wa khoma. Mankhwala a kumodzi amawononga kwina, n'chifukwa chake kuyezaku kumayamba.

Kusiyana kukakhala kofanana paliponse

Munthu apempha 47 n'kumva za pa 48, apempha 100 n'kumva za pa 101. Apa pafupifupi nthawi zonse nambala yatsala m'munsi. Mabuku ambiri amadinda nambala pansi pa tsamba, ndipo OCR, pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala mawu, imaisiya pomwe yaipeza. Koma mu DAISY, mtundu wa fayilo ya mabuku a anthu osaona, ndi mu EPUB chizindikiro cha tsamba chimaima pamene tsambalo likuyambira. Nambala 47 ikakhala pansi, makina amaitenga ngati khomo la mawu otsatira, omwe ndi a pa 48. Kukonza kwake n'kotopetsa koma kosavuta: nambala iliyonse ikwere pamwamba, ikhale mzere woyamba wa tsamba lake, payokha. Njira yachidule yongowonjezera 1 pa nambala iliyonse imaoneka yanzeru mpaka mutafika pa tsamba loyamba lomwe osindikiza sanalidinde nambala, ndipo pamenepo zonse zimabalalika.

Apempha 47 n'kumva za pa 35, apempha 100 n'kumva za pa 88. Kusiyana ndi 12 konsekonse. Uku ndi kuwerenga kuyambira pa chikuto. Tsamba la mutu wa buku, la osindikiza, zamkatimu, mawu oyamba ndi othokoza, onsewa m'buku la pepala amakhala ndi manambala achiroma, i, ii, iii, kapena alibe nambala n'komwe. Tsamba 1 la buku likhoza kukhala la 13 mu fayilo. PDF imachita zimenezi chifukwa imangowerenga zithunzi motsatizana, pokhapokha wina ataipatsa manambala a m'buku ndi pulogalamu yosinthira PDF. Word nayo ili ndi chiwerengero chakechake, ndipo Ctrl ndi G amakufikitsani pa tsamba la Word, osati la buku. Choipa kwambiri, chiwerengero cha Word chimayenda ndi kukula kwa zilembo ndi kwa pepala. Mwana woona pang'ono akakulitsa zilembo kufika 24, masamba amachuluka kuwirikiza ndipo nambala iliyonse yasamuka.

Usiku womwewo mukhoza kungomuuza wophunzira kuti pa PDF ija aziwonjezera 12. Ndi chigamba, koma homuweki ilembeka. Kukonza kwenikweni n'kulemba manambala a m'buku ndi manja mkati mwa mawu, achiroma kukhala achiroma. Kwa amene amawerengera mu Word momwemo, timawapangira fayilo yolembedwa kuti tsamba 47 m'malo mwa 47 yekha, kuti akafufuza ndi Ctrl ndi F asamaime pa 47 aliyense wa m'masamu.

Pali mabuku ena amene mutu woyamba umayambira pa 7 kapena pa 9, chifukwa osindikiza anawerengera limodzi masamba oyambirira aja. Si cholakwa. Musawabweze ku 1.

Kusiyana kukadumpha n'kukhazikika

Pa 10 zikugwirizana, pa 100 zasiyana ndi 2, pa 190 ndi 2 yemweyo. Pakati pa 10 ndi 100 pali chinthu chagwa kapena chalowa kawiri, ndipo manambala anaikidwa ndi makina ongowerenga motsatizana, kapena wina anaona mpata n'kuuwongola poganiza kuti akuthandiza. Musayambe kuwerenga tsamba ndi tsamba. Pitani pakati, pa 55. Ngati zikugwirizana, vuto lili kutsogolo, pitani pa 77. Ngati ayi, bwererani pa 32. Mukamadula pakati chonchi, m'buku la masamba 200 simupitirira maulendo 8 musanaponde pamalopo.

Woyamba kumukayikira ndi tsamba lopanda kanthu. M'buku lililonse losindikizidwa bwino, masamba a kudzanja lamanja amakhala 1, 3, 5, a kumanzere 2, 4, 6. Osindikiza ambiri amafuna mutu uliwonse uyambire kumanja, ndiye mutu wapitawo ukathera kumanja, tsamba lakumanzere limatsala loyera. Loyera, koma lawerengedwa. Wojambula amalidumpha kuti asataye nthawi, kapena pulogalamu ya sikana imalichotsa yokha. Libwezereni, lipatseni nambala yake, mulembepo kuti tsamba ili ndi lopanda kanthu. Wosaona akamva 61 kenako 63 alibe njira yodziwira ngati 62 ndi loyera kapena talisowetsa.

Chimodzimodzi tsamba loyambira mutu, kapena la mapu odzaza tsamba lonse, limene lawerengedwa koma silinadindidwe nambala. Mukaona 45, lopanda nambala, kenako 47, lembani 46 mosakayika. Uku si kupeka, buku lomwelo likukuuzani. Koma samalani ndi masamba osalala a zithunzi amene amalowetsedwa pakati pa buku. Ngati lisanafike gulu la zithunzilo ndi 96 ndipo pambuyo pake ndi 97, zithunzizo sizinawerengedwe. Zipatseni mayina awoawo, monga chithunzi 1, chithunzi 2, osazilowetsa pamzere wa manambala.

Masamba akasowadi, onani kuti asowa ati, chifukwa manambalawo amakuuzani wolakwa. Pepala limodzi lili ndi masamba awiri, kutsogolo ndi kuseri: 63 ndi 64 ndi pepala limodzi. Akasowa 63 ndi 64, pepala linang'ambika, ndipo kubwerera pa sikana ndi buku lomwelo n'kutaya nthawi. Akasowa 64 ndi 65, omwe amayang'anizana buku likatsegulidwa, ndiye kuti wojambula anatembenuza mapepala awiri omatana. Masambawo alimo, kajambuleninso. Mabuku amene anagonapo m'chinyezi cha dzinja amamatana chonchi kawirikawiri. Akasowa 16 kapena 32 nthawi imodzi, kapena akabwerezedwa, vuto linachokera kosokera buku, chifukwa mabuku amasindikizidwa m'mitolo ya masamba otero. Pamenepo funani buku lina la edishoni yomweyo.

Kubwereza kwa tsamba limodzi kapena awiri kumakonda kubwera magetsi akazima ntchito ili mkati. Akayaka, munthu sakumbukira pomwe analekera, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono poopa kudumpha. Kubwererako n'kwabwino, kuiwala kufufuta obwerezedwawo ndiko kumatipweteka. Ife tinagwirizana zoika kapepala m'buku ndi kulemba nambala yomaliza m'kope tisanaimirire, ngakhale tikungopita kukamwa madzi.

Ngati apempha 40 n'kumva za cha m'ma 80, buku linajambulidwa masamba awiriawiri pa chithunzi chimodzi ndipo palibe anawagawa. Ilo n'losavuta kuliona.

Pali kayezedwe kachangu kamene ndimachita ndisanatumize fayilo iliyonse. Pakati pa masamba timaika chodulira tsamba, chomwe mu Word chimatchedwa page break ndipo chimalowa ndi Ctrl ndi Enter. Dinani Ctrl ndi H, m'bokosi lofufuzira lembani ^m, m'bokosi losinthira lembani ^&, n'kusintha zonse. Palibe chisinthe, koma Word ikuuzani kuti yapeza zodulira zingati. Ziyenera kuchepa ndi chimodzi pa masamba onse a buku, kuphatikizapo achiroma, oyera ndi a zithunzi. Zikapanda kukwana, musatumize.

Kusiyana kukamakula pang'onopang'ono

Apa mpofunika kukhala pansi. Pa 10 zikugwirizana, pa 100 zasiyana ndi masamba 3, pa 190 ndi 7. Nthawi zina mutu watsopano ukayamba kusiyanako kumachepa, kenako n'kukulanso. Mukadula pakati simupeza malo amodzi pomwe padumpha, ndipo mawu oyambirira a tsamba la aphunzitsi mumawapeza pakati pa tsamba lathu. Palibe chasowa, fayilo ilibe cholakwa. Ndi buku lina. Dzina ndi lomwelo, wolemba yemweyo, mwinanso chithunzi cha pa chikuto n'chomwecho, koma edishoni ndi ina.

Tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timazisakaniza. Buku likatha m'masitolo, osindikiza amadindanso lomwelo osasuntha kanthu. Uku n'kusindikizanso chabe, masamba amakhala m'malo mwake ndipo nambala ya ISBN, yomwe ndi nambala yozindikiritsa buku, siisintha. Edishoni yatsopano ndi pamene awonjezera, achotsa, kapena ayala mawu mwatsopano ndi zilembo zina, ndipo imapatsidwa ISBN yake. Ndime imodzi yokha yolowetsedwa pa tsamba 20 imakankha zonse zotsatira mpaka mutu uthe.

Umboni uli kuseri kwa tsamba la mutu wa buku, tsamba la tizilembo ting'onoting'ono lomwe aliyense amalidumpha. Pamenepo pali chaka chomwe buku linatuluka koyamba, zaka zomwe linadindidwanso, ndi mawu onga Reprinted, Second edition kapena Revised edition. Mabuku ena ali ndi mzere wa manambala monga 10 9 8 7 6 5 4, ndipo nambala yaing'ono pa onsewo ndiyo ikunena kuti ndi kudinda kwachingati. Pemphani aphunzitsi ajambule tsamba limenelo ndi foni akutumizireni. Chithunzi cha chikuto sichikuthandizani kwenikweni.

Za ISBN pali misampha. Kuyambira pa 1 Januwale 2007 imakhala ya manambala 13, pamene kale inali ya 10. Choncho buku lomwelo, losasinthidwa, likhoza kuoneka ndi ISBN ziwiri: yatsopano ikuyamba ndi 978, pakati mpofanana, nambala yomaliza yokha ndiyo yasiyana. Imeneyo si edishoni ina. Msampha wachiwiri ndi woti tsamba la osindikiza nthawi zina limandandalika ISBN zingapo, ya buku la wophunzira, ya buku la mphunzitsi, ya lachikuto cholimba. Tengani imene ikufanana ndi ya kuseri kwa chikuto, pafupi ndi timizere takuda. Wachitatu ndi woti pali osindikiza amene amakonza zam'kati osasintha ISBN. Choncho ISBN ikagwirizana koma masamba atatu aja akukana, khulupirirani masamba.

Nanga buku lopanda chikuto? M'masukulu athu alimo ambiri: chikuto chinapita kalekale, lakutidwa ndi pepala la khaki kapena nyuzipepala, kapena ndi fotokope yomangidwa ndi sitepulo. Mabuku a zaka za m'ma 1960 kubwerera m'mbuyo alibe ISBN n'komwe, ndipo ena akale a Chinyanja anatuluka m'dzina la osindikiza a NECZAM n'kudzatulukanso m'dzina la osindikiza a ZEPH. Pa mabuku otere timatenga chomwe timachitcha chidindo cha chala: mawu anayi oyambirira a tsamba 10, 50 ndi 100, ndi nambala ya tsamba lomaliza. Timazilemba m'kaundula pafupi ndi dzina la buku. Wina akapempha buku, timamufunsa mawu omwewo tisanamutumizire. Ngati atatu onse agwirizana, tumizani. Limodzi likakana, imani kaye.

Vutoli lakula zaka zino, ndipo chifukwa chake chikudziwika. Maphunziro a kuno ku Zambia anakonzedwanso mu 2013, mabuku n'kutsatira. Mu 2025 anayambanso atsopano, Fomu 1 n'kulowa m'malo mwa Giredi 8, pamene ophunzira a makalasi a pamwamba anapitiriza ndi akale. Pasukulu imodzi mumapeza mibadwo iwiri kapena itatu ya mabuku a phunziro limodzi. Onjezani apo kuti tili pafupi ndi malire a Mwami, ndipo mabuku a ku Malawi amadutsa m'zikwama za achibale. ISBN ya buku la kuno imakhala ndi 9982 pambuyo pa 978, ambiri a ku Malawi 99908. Ngakhale kalembedwe kamakuuzani: la kuno limalemba Cinyanja ndi cakudya popanda h, la uko chakudya, ndipo ena amaika kadenga pa ŵ. Mwa njira, musawongole kalembedwe kameneka pokonza. Mwana akalemba mayeso potsata buku la m'kalasi mwake.

Mabuku ochokera kunja nawo ali ndi zawo. Pangano la Marrakesh la mu 2013 linatsegula njira yoti mabuku a anthu osaona azidutsa malire a mayiko, ndipo pali nkhokwe zikuluzikulu monga Bookshare ya ku America ndi ya Accessible Books Consortium. Fayilo yochokera kumeneko imakhala yokonzedwa bwino, manambala ake olondola, koma olondola potsata buku lomwe linadindidwa ku London, ku New York kapena ku Delhi. Nthano yomweyo ya Chingerezi, yodindidwira masukulu a kuno ndi mafunso kumapeto, ili ndi masamba ena. Iyezeni ndi malo atatu aja monga fayilo ina iliyonse.

Tsopano zimene simuyenera kuchita, ndipo ndiyamba ndi yomwe ndinachita ine. Buku lina linali long'ambika pepala la 63 ndi 64. Ndinabwereka lina kwa mphunzitsi mnzanga, n'kujambula masamba awiriwo, n'kuwamata, osayang'ana kuseri kwa tsamba la mutu. Linali edishoni ina. Pamsoko woyamba ziganizo ziwiri zinabwerezedwa, pamsoko wachiwiri funso lathunthu linasowa, ndipo mtsikana amene ankawerenga fayiloyo anapereka homuweki yoperewera osadziwa. Anandiuza mwaulemu, koma ndinagona mochedwa tsiku limenelo. Ngati palibiretu kochitira, matani, koma onani misoko yonse iwiri mawu ndi mawu, ndipo lembani pamalopo kuti masamba awa atengedwa mu edishoni ina. Kulemba kuti masamba 63 ndi 64 akusowa n'kwabwino kuposa chigamba chobisa.

Musatengenso fayilo ya edishoni yakale n'kusuntha manambala kuti afanane ndi yatsopano. Mutuluka ndi buku lomwe kulibe kulikonse padziko: mawu akale, manambala atsopano, zamkatimu zikuloza kwina. Ndipo edishoni yatsopano ikakonzedwa, musafufute yakale m'nkhokwe. Sukulu ya m'tauni ikhoza kukhala italandira mabuku atsopano pamene ya ku Chadiza kapena ku Vubwi ikuphunzirabe akale. Onse awiri akhale, aliyense ndi dzina lomveka: mutu wa buku, giredi, edishoni, chaka, ISBN. Dzina loti sayansi yatsopano yomaliza 2 silithandiza munthu chaka chamawa.

Mkati mwa fayilo, mzere woyamba umene wowerenga amve unene kuti manambala a masamba m'fayilo ino ndi a edishoni yakuti, ya chaka chakuti, ISBN yakuti. Mu EPUB muli malo olembamo gwero la manambala a masamba, ndipo pamenepo pamalowa ISBN ya buku la pepala lomwe munajambula.

Kujambulanso buku kumatenga masabata, pamene mwana ali m'kalasi lero. Pakadali pano timachita ziwiri. Timapempha aphunzitsi kuti potchula tsamba azitchulanso mutu ndi nambala ya ntchito, monga mutu 5, ntchito yachiwiri, popeza izi sizisamukasamuka ngati masamba, ndipo ambiri amavomera mosavuta akamva chifukwa chake. Kenako timalemba kandandanda kakafupi: mutu 1 uli pa tsamba lakuti m'buku la aphunzitsi, pa lakuti mu fayilo yako, mpaka mutu womaliza. Ndi ntchito ya theka la ola. Koma chotsika mtengo kuposa zonsezi ndi kufunsa edishoni tsiku lomwe pempho lafika, sikana isanayatsidwe. Safunsa anadya phula, ndipo ife tadyapo kangapo.

Manambala alipo, koma pulogalamu sikuwapeza

Nthawi zina kusiyana kulibe, kungoti munthu akapempha tsamba pulogalamu imati kulibe, kapena imamuponya kumayambiriro. Yambani ndi kuona ngati nambalayo ndi nambaladi. OCR imasokoneza 1 ndi l kapena I, 0 ndi O, 5 ndi S, 8 ndi B. Ndi maso 11 ndi ll zimafanana, koma makina saona choncho, ndipo II akhoza kumutenga ngati 2 wachiroma. Mnzathu wosaona amene amatithandiza kuyesa mafayilo amazigwira msanga kuposa ife, chifukwa NVDA imazitchula mmene zilili. Chidindo cha sukulu chikagwera pa nambala, kapena mwana wina atalembapo ndi bolopeni, yembekezani zachilendo.

Kachiwiri, onani komwe nambala yakhala. Mapulogalamu a OCR amakonda kuika nambala ndi kamutu ka pamwamba m'malo a Word otchedwa header ndi footer. Pa sikirini imaoneka bwinobwino, koma posandutsa fayilo imatsala, ndipo wowerenga ndi khutu saimva. Itulutseni ilowe m'mawu enieni. Kamutu kobwerezabwereza ka pamwamba pa tsamba lililonse kachotseni, koma muyambe mwapulumutsa nambala, chifukwa kawirikawiri zimakhala pamzere umodzi. Onetsetsaninso kuti Word sinasandutse nambalayo kukhala chiyambi cha mndandanda wodziwerengera wokha.

Kachitatu, pulogalamu yosandutsira iyenera kuuzidwa kuti iyi ndi nambala ya tsamba, si chaka kapena yankho la samu. Amene amagwiritsa ntchito Save as DAISY amaika sitayilo ya nambala ya tsamba pa iliyonse, n'kusankha kuti itenge manambala olembedwa ndi manja, osati odziwerengera a Word. DAISY imagawa masamba patatu: oyambirira a manambala achiroma, awamba a 1, 2, 3, ndi apadera monga A-1 kapena chithunzi 3. Nambala imodzi ikapezeka kawiri pakati pa awamba, pulogalamu yowerengera imasowa kolowera.

Liwu likadulidwa kumapeto kwa tsamba, monga anawa pansi pa 52 ndi funsanso pamwamba pa 53, lilumikizeni likhale lathunthu pa 52. Liwu lokhalo. Musakokere ndime yonse kutsamba limodzi kuti zimveke bwino, poti aphunzitsi akati mzere woyamba wa tsamba 53 akunena mzere umene uli m'buku mwawo.

Za Braille mwachidule

Tsamba limodzi la buku wamba limadya masamba awiri kapena kuposa a Braille, ndipo buku limodzi limasanduka mavoliyumu angapo. Choncho pepala la Braille limanyamula manambala awiri, ya tsamba la Braille ndi ya tsamba la buku wamba, ndipo pomwe tsamba la buku wamba lasinthira pakati pa pepala pamaikidwa chizindikiro ndi nambala yatsopano. Ngodya imene nambala iliyonse imakhala imasiyana malinga ndi malamulo amene odinda akutsata, ndiye funsani amene amadinda pasukulupo musanatumize fayilo. Dandaulo la tsamba 47 likachokera kwa wowerenga Braille, funso loyamba ndi loti chala chake chili pa nambala iti mwa ziwirizo. Ngati manambala a buku wamba palibiretu, ndiye kuti anatayika mu Word fayilo isanafike ku Duxbury, pulogalamu yosandutsira mawu kukhala Braille, ndipo kokonzera ndi mu Word momwemo.

Fayilo yochokera kwa osindikiza yopanda manambala, yomwe sinakhalepo buku la pepala, musaipekere manambala. Lembani kumayambiriro kuti ilibe, muonetsetse kuti mitu yake ikudumphika bwino.

Mukakonza

Fayilo yolakwika ija ili kale m'mafoni, m'mafulashi ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo siidzifufuta yokha. Ikani tsiku lokonzera m'dzina la yatsopano, lembani m'kaundula chomwe chasintha, ndipo uzani onse amene anatenga yakale, osati wodandaula yekha. Achenjezeni kuti zizindikiro zimene anaika posunga malo sizisamukira mu fayilo yatsopano, kuti alembe kaye pomwe anafika asanafufute yakale. Ganiziraninso bandulo: ngati buku ndi la mawu ojambulidwa ndipo ndi lalikulu, ndi bwino kulipereka pa fulashi kapena pa memori khadi kudzera mwa aphunzitsi amene akubwera m'tauni kumapeto kwa mwezi.

Kenako muimbireni wophunzira uja. Apite pa 47 inu muli pa foni, akuwerengereni mawu oyamba, kenako pa 100, kenako pa 190.